Nyimbo Imene Inkathawa a Nachisale

Pa Chisepo mukafunsa kumene kuli Alexio, anthu sakulozerani nyumba, amangoti tcherani khutu. Kumene kukulira sipika, kaya ndi pachinkhoswe, pamaliro kapena pamsonkhano wa alimi a fodya, iye ali komweko, atanyonyomala kuseri kwa ampulifaya, waya ali kukamwa.

Kwawo kwenikweni ndi ku Dzoole. Wailesi yoyamba imene anaitsegula inali ya bambo ake, ndipo sinalirenso. Anakwapulidwa. Yachiwiri inali ya aphunzitsi ena, ndipo inalira. Sukulu itamukanika pa Fomu 2, anakakhala kwa mkulu wina wokonza mawailesi pa Mponela, kumene anaphunzira kuwotcherera timawaya ndi kuzindikira chipangizo chopsa pongochinunkhiza. Ku Chisepo anafikako koyamba pa njinga, atamangirira masipika awiri obwereka, kudzaimbitsa paukwati wa munthu wina. Pakati pa atsikana ophika panali Debora. Chaka chotsatira Alexio anabweranso, ulendo uno kudzakhala chikamwini, ndipo anatsegula kashopu kokonza mafoni ndi mawailesi moyang'anizana ndi chigayo cha dizilo.

Monga mkamwini wolongosoka, apongozi ake ankawapatsa ulemu wonse. Akawaona akubwera m'njira ankapatukira m'tchire, ndipo mawu ake onse kwa iwo ankadzera mwa Debora. Dzina lawo linali Lines, koma aliyense ankawatchula kuti a Nachisale. Anali mayi wa Chigwirizano wosajomba, wa mawu otsika poyankhula koma amphamvu poimba.

Chaka china, potsika chitunda ndi mtolo wa nkhuni, a Nachisale anaterereka n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni yake inkafunika ku Blantyre. Panali kagulu kena ka mpingo kamene kanali ndi kandege ka mipando inayi konyamula odwala ochokera kumapiri kuno, ndipo woyendetsa wake anali Lester, amene anaphunzira limodzi ndi Alexio ku pulaimale ku Dzoole. Ndiye a Nachisale anapita pa ndege.

Ulendo umenewo ndi umene unaononga zinthu. M'kandege kotere injini imasokosa kwambiri moti aliyense amavala mahedifoni okhala ndi maikolofoni pakamwa. Maikolofoniwo amakhala otseka, amatseguka okha munthu akayankhula mokweza kuposa phokosolo. Palibe amene anawafotokozera a Nachisale zimenezi, ndipo ngakhale akanawafotokozera, mayi woleredwa bwino sakalipira mwamuna wachilendo. Nseru itawagwira ali m'mitambo, ananena motsitsa mawu kuti, "Pepanitu bambo, mumtimamu simuli bwino." Lester sanatembenuke. Namwino amene anakhala kutsogolo nayenso sanatembenuke. Anabwerezanso, kenaka anabwerezanso, mpaka anasanzira bulauzi yawo yoyera ya Chigwirizano pamaso pa bambo wina wodwala amene anakhala naye pambali. Pobwerera anakana ndege, anabwera pagalimoto pang'onopang'ono, poti inali nthawi ya chilimwe.

Tsopano m'mwezi wa February, mvula ili pakati, chitsulo chimene anawaika m'chiuno chinasuntha. Adokotala a pa boma anati abwerere ku Blantyre msanga, apo ayi sadzayendanso, ndipo anachenjeza kuti asawagwedeze tsiku lonse pamsewu wamatope ndi maenje. Njira inali ndege basi.

"Ndifere pomwe pano pamphasa," anatero a Nachisale kwa Debora. "M'chitini chosamva anthu chija ine sindilowamonso."

Alexio anamva mawuwa ali kuseri kwa nyumba. Anapita kushopu n'kuimbira Lester. Anaimbanso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka Lester anatopa naye.

"Amwene, muli ndi mwayi," anatero Lester. "Chibokosi cholumikiza mahedifoni m'ndege chija chinachita kuferatu. Anthu akufuna kwabwino atipatsa awiri, koma malo ake m'ndege ndi a limodzi. A Obadiya, injiniya wathu ku Lilongwe, akuti ndisankhe, iwo amange."

"Usasankhe. Bwera nawo kuno."

"Ku Chisepo? Muli ndi ndege kumeneko?"

"Tili ndi chigayo."

Lester anafika Loweruka, galimoto ili matope mpaka m'magalasi, ndi mabokosi awiri, mahedifoni atatu, zingwe zoyesera zimene a Obadiya analumikiza, ndiponso kawailesi kam'manja koyankhulira ndi a kunsanja, anthu aja amene amayang'anira kunyamuka ndi kutera kwa ndege. Anafotokoza kuti bokosi lotere lili ngati tcheyamani wa msonkhano. Mawu onse amafikira mwa ilo, a kunsanja, a woyendetsa, a okwera, ngakhale nyimbo zochokera m'foni, ndipo ilo ndi limene limasankha woti amveke m'makutu mwa yani.

Bokosi loyamba linali latsopano, lopepuka ngati buledi, lopanda chopotokola chilichonse. Zonse linkadzichitira lokha. Lachiwiri linali lakale, lolemera pafupifupi kawiri, utoto utayamba kusupuka, kumaso kuli timabatani ndi zopotokola.

Mawu akuti nyimbo ndi amene Alexio ankadikira. M'foni mwake munali kale nyimbo za amayi a Chigwirizano a pa Chisepo, zimene anapita kukajambula yekha pa tsiku lawo lokumana, oyambitsa ali mayi Faines, mnzawo wa a Nachisale kuyambira utsikana. Maganizo ake anali akuti munthu amene ali ndi anzake m'makutu saopa mitambo.

Analumikiza bokosi latsopano ku batire ya galimoto m'kati mwa chigayo, pafupi ndi injini imene inkagwedeza malata. Onse awiri atavala mahedifoni, Alexio ananong'ona ngati munthu wopempha mchere kwa neba, "Lester, ndiwe wonyansa."

"Ndakumva, galu iwe!"

Anaseka onse. Anaika nyimbo, anamvetsera vesi yonse ali duu, mikono atapinda. Mawu ankamveka oyera ngati uli m'tchalitchi momwemo. Alexio anasisita bokosilo.

"Katundu ndi ameneyu. Chakalecho usachitulutsenso m'katoni."

Madzulo ake anakakonza zonse pakhonde pa apongozi. M'malo mwa injini ya ndege anaika jenereta yake ataichotsa paipi yochepetsa phokoso. Iye mwini anakoka chingwe chachitali n'kukakhala kuseri kwa khoma.

"Koma aise," anatero Lester, "panjira umawathawa, lero ukufuna kuwalowa m'khutu?"

"Khala chete, ndiwe wa m'tauni."

Debora anawanyengerera amayi ake nthawi yaitali. Pomaliza analola, ati pofuna kuti alendo asabwerere ndi manyazi. Anawaveka mahedifoni pamwamba pa duku.

"Amayi, tayankhulani. Mmene mumayankhulira muja."

A Nachisale anayang'ana pansi, n'kutchula mkamwini wawo ndi dzina la mwana wake. "Kodi bambo a Promise akundimva?"

"Ndikukumvani, amayi," anayankha Alexio kuseri kuja.

Mayiwo anadzidzimuka, n'kuyang'ana kumanzere ndi kumanja. Chikhalireni mkamwini wawo pamudzipo, mawu ake anali asanawafikepo pafupi chotero. Debora anagwira pakamwa kubisa chiseko. Kenaka Alexio anatsegula nyimbo.

Mayi Faines anayambitsa, mawu awo akuthwa aja: "Chitunda chatalika, katundu walemera." Nkhope ya a Nachisale inamasuka. Anakoka mpweya, n'kuvomera pamodzi ndi anzawo: "Tulani, Ambuye, tu..."

Nyimbo inazima.

Anatseka pakamwa. Patapita kamphindi nyimbo inabwerera, anzawo ali kale patsogolo. Anadikira mayi Faines ayambitsenso, anavomeranso, ndipo inazimanso. Kachitatu sanamalize ngakhale liwu limodzi. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kumupatsa Debora ndi manja awiri.

"Uwathokoze amuna ako, ayesetsa," anatero. "Koma anzanga akuimba bwinobwino, ine ndikangotsegula pakamwa onse ali zii. Nyimbo ya Mulungu ikundithawa ndili pansi pano. Ndiye mukufuna ndikwere kumwamba?"

Anapempha kuti awalowetse m'nyumba.

Alexio anazimitsa jenereta. Lester ndiye anafotokoza kuti bokosilo analipanga dala chotero: wina aliyense akayankhula, nyimbo imatsika kuti mawu amveke. Silisiyanitsa kuyankhula ndi kuimba, ndipo lilibe poti ulisinthe. Kumva bwino kwake komwe kuja ndi kumene kunkadula nyimbo msanga.

"Ife tinamvetsera ngati tili pa basi," anatero Alexio. "Amuna awiri akuluakulu, kukamwa kuli kotseka. Ndani kuno amamvera nyimbo atatseka pakamwa? Wina akayambitsa, umavomera."

"Ndiye tichotse nyimbozo. Chachikulu n'chakuti akayankhula ndiwamva."

"Wawamva wekha. Tikachotsa nyimbo tsopano, aziti inawathawadi. Tulutsa chakale chija."

Lester sanafune. Anati lakalelo ndi lolemera, ndipo m'kandege kake kilogalamu iliyonse amaiwerengera. Anati kumva kwa maikolofoni umachita kupotokola ndi dzanja, ukapitiriza pang'ono phokoso la injini limalowa, ukachepetsa munthu wa mawu otsika samveka. Koma chachikulu chinali china.

"Tiyerekeze nyimbo sikuzima. Amayi akuimba, Debora akuimba, kwaya yonse ili m'makutu mwanga, ndiye a kunsanja akundiuza kuti kutsogoloku kukubwera ndege ina. Ndimva bwanji? Ine sindiyendetsa minibasi, amwene."

Apa Alexio anavomera kuti Lester akunena zoona. Anaimbira a Obadiya ku Lilongwe, foni ataiika pokweza. Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, kenaka anaseka.

"Ndiye mwapeza odwala oimba? Taonani kumanja kwa bokosi lakalelo, pali kabatani kolembedwa za nyimbo. Mukakadina kamodzi, nyimbo imazima pa mawu alionse, ngati latsopano lija. Mukakadinanso, anthu a m'ndege ayankhule kaya aimbe, nyimbo sizima, koma a kunsanja akangoyankhula imazima. Ndipo iwe Lester, pali kena kodzipatulira, umatsala wekha ndi a kunsanja, okwera n'kumamvana okhaokha. Unaphunzira zimenezi, waiwala chifukwa sunanyamulepo kwaya."

Lolemba m'mawa anabwereranso kuchigayo ndi bokosi lakale. Ulendo uno Alexio sanafune kuyesa ndi makutu ake. Panja panali mzere wa amayi odikira kugayitsa, matumba ali pansi, ndipo anawapempha awiri kuti avale mahedifoni.

"Mutilipira, a Alexio?"

"Ndikutchajirani mafoni ulere sabata yonse."

"Nanga tikavala zimenezi tifika ku Joni?"

"Mufika pa Mponela n'kubwerera. Tavalani, mayi."

Anavala akuseka, ufa uli m'nsidze. Mayi Faines atangoyambitsa m'makutu mwawo, palibe amene anawauza chochita. Anavomera onse awiri, wina mpaka kuomba m'manja, ndipo nyimbo sinagwedezeke. Amayi a panja, amene sankamva kalikonse koma anzawo awiriwo, analowerera nawo. Mwini chigayo anatulutsa mutu pawindo kufunsa ngati kwagwa maliro.

Lester anapita kuseri ndi kawailesi kam'manja n'kuyankhula Chingerezi chake cha kunsanja. Nthawi yomweyo nyimbo inatsika, mawu ake n'kumveka okha. Atamaliza, inakweranso. Anabwera, anavala mahedifoni achitatu, anadina kodzipatulira kaja, ndipo kwaya yonse inachoka m'makutu mwake pamene amayi aja ankapitiriza. Anadina, anadinanso, kuyesa ngati kangamunamize.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Ndisiya chikwama changa cha zovala kuti kulemera kufanane."

Chopotokola cha maikolofoni ndicho chinawatengera nthawi. Alexio anauza mayi mmodzi kuti ayankhule ngati akuyankhula ndi abusa, ndipo anapotokola pang'onopang'ono mpaka kunong'onako kunamveka popanda chigayo kulowerera. Pamalo pamenepo anadonthezapo penti wa zikhadabo wa Debora. Lester anati m'ndege adzayambira pa kadontho kameneko n'kukonza malinga ndi injini yake.

Chotsala chinali chovuta kuposa zonse. A Nachisale anakanitsitsa kuvalanso mahedifoni. Anati anaona kale zimene anafuna kuona. Anakhala pampando wawo pakhonde, mwendo atautambasula, nkhope atalozetsa kumunda.

Alexio anaitanira mkazi wake kuseri. "Usawakakamize. Uvale iweyo, ukhale pafupi nawo, uziimba. Koma uzivomera molakwitsa."

"Molakwitsa bwanji?"

"Uzifulumira. Mayi Faines asanamalize, iwe walowa kale."

"Mukufuna anditukwane?"

"Eya."

Jenereta inalira. Debora anakhala pamphasa, mahedifoni kumutu, n'kuyamba kuvomera nyimbo imene amayi ake sankaimva. "Tulani, Ambuye, tulani," mofulumira ngati akuthamangitsidwa ndi galu. A Nachisale anapirira vesi yoyamba. Pa yachiwiri chala chawo chinayamba kugogoda pampando, kusonyeza pamene mawu amayenera kugwera. Pa yachitatu anatembenuka.

"Iwe! Ukuthamangira kuti? Anakuphunzitsa ndani kuimba ngati ukuwerenga ndalama za wina?"

Debora anakweza mapewa, kusonyeza kuti sakumva, n'kupitiriza.

"Bweretsa kuno zimenezo, ukuchititsa manyazi mtundu."

Anazivala okha, mokhotetsa, Debora n'kuwakonzera maikolofoni. Mayi Faines anayambitsa. A Nachisale anazengereza kamphindi, kenaka analowa, motsitsa kaye, ngati munthu woponda pamwala woterera. Nyimbo sinachoke. Anakweza mawu. Anzawo anali nawobe. Pofika pakati anali atatseka maso, akuvomera ndi chifuwa chonse, moti Alexio kuseri kuja anachita kutsitsa mahedifoni ake.

Kenaka Lester anayankhula pa kawailesi kaja, ndipo nyimbo inatsika. A Nachisale anatsegula maso.

Lester anabwera n'kunyonyomala chapatali. "Amayi, ameneyo ndinali ine, kuyerekeza anthu amene amatiuza njira tikakhala kumwamba. Iwo okhawo akayankhula nyimbo izikhala kaye chete, kuti ndimve bwino. Akamaliza ibwerera. Inu siikuthawaninso."

Mayiwo anaganiza. "Ndiye kuti ndi akuluakulu a kumeneko?"

"Eya, amayi."

"Palibe cholakwika. Abusa akaimirira, kwaya imakhala pansi." Anakonza duku lawo. "Nanga nseru ikandigwira?"

"Mungonena mmene mwayankhuliramu. Debora adzakhala pambali panu, adzakumvani nthawi zonse, ndipo ine akhoza kundigwira paphewa."

"Debora apita nawo?"

"Mpando wake ulipo."

A Nachisale anayang'ana mwana wawo. "Uchape bulauzi ija. Ndipo m'ndegemo usadzaimbe."

A Obadiya anamanga bokosi lakale m'ndege sabata yomweyo. Tsiku la ulendo mvula inakata m'mawa, ndipo anawanyamula a Nachisale pa matiresi m'galimoto ya mpingo, kuyenda ngati kamba mpaka pa kabwalo kaudzu kamene kandegeko kamatera cha ku Ntchisi. Alexio anathandiza kuwakweza, nkhope atayang'ana kumbali. Foni yake ya nyimbo anaipereka kwa Debora, batire itadzaza, ataichotsa simu kuti wina asaimbe pakati pa vesi. Chitseko chinatsekedwa, injini inalira, udzu unagona. Iye anatsala pansi, ndipo pa zonse zimene zinkamveka m'katimo sanamve kanthu.

Dzuwa litapendeka, foni imene anabwereka kwa mnzake n'kuikamo simu yake inalira. Anali Lester.

"Tafika, amwene. Ali m'chipatala, opaleshoni ndi mawa m'mawa."

"Sanasanze?"

"Asanza nthawi yanji? Kuyambira pa Dowa mpaka kutera, pakamwa sipanatseke. Ine ndinadzipatula tisanafike n'komwe pa Dedza. Koma pali uthenga wako, andituma kudzera mwa Debora."

"Akuti bwanji?"

"Akuti nyimbo yachitatu ija mayi Faines anayambira pamwamba kwambiri, munthu wodwala sangafikepo. Akuti upite ukawajambulenso bwinobwino, zifike kuno tsiku lobwerera lisanakwane."